Kapoti ka Kabatani

Amene anandilakwira ndi mkazi wachiwiri wa mkamwini wanga. Anandilakwira Lachiwiri pa 3 Febuluwale, cha m'ma teni koloko m'mawa, titaima pageti la sukulu ya mkaka. Anandiwerengera pepala, ndipo zimene anawerengazo sizinali zimene zinalembedwa. Ndatchula tsiku ndi ola chifukwa anthu akaona kuti wolankhula ndi nkhalamba amayamba kutsinana, kuti mutu wayamba kusokonekera. Mutu wanga uli bwinobwino. Atha ndi maso okha.

Ine ndine telala. Zaka makumi atatu ndakhala pakhonde la sitolo imodzimodziyo ndi makina anga opalasa ndi phazi. Kumanzere kwanga kumakhala wosoka nsapato, amene tonse timangomuti Wansapato. Mkazi wanga anatisiya kalekale. Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo, anamwalira khanda lake lili ndi miyezi isanu ndi iwiri. Mwamuna wake, dalaivala wa lole, analira pamaliro mpaka anthu kuchita kumugwira. Patatha masiku atatu anakwera lole yake n'kupita. Khandalo linatsala m'manja mwanga. Ndinalitcha Kabatani chifukwa kamphuno kake kanali ngati batani la malaya a mwana wasukulu.

Ndinamulera pansi pa tebulo la makina, m'katoni yodzaza zidutswa za nsalu. Matewera ndinkasoka ndekha, a nsalu ya thaulo, n'kumachapa ndekha m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito. Phokoso la makina ndilo linkamugoneka. Ndikasiya kupalasa, ankadzuka.

Mkamwini anatulukiranso mwana atakwanitsa zaka ziwiri, atatsogoza mkazi watsopano. Mkaziyo ndinamupatsa dzina lakuti Madamu. Ndi munthu wa mawu ofewa, wopereka moni ndi manja awiri, wosaiwala kufunsa kuti msana wadzuka bwanji. Patatha sabata ziwiri kunabwera mayi wa ku ofesi yoona za ana, atakwapatira fayilo. Ndani anamuitana, sindinachite kufunsa. Anafika pakhonde limodzi ndi awiriwo, ndipo mwatsoka anapeza Kabatani akuyamwa bobini, kachitsulo kokulungapo ulusi wa makina.

"Agogo, sitinabwere kudzakulandani mwana," anatero mayi wa fayiloyo, akuchotsa bobiniyo m'kamwa mwa mwana. "Koma taonani nokha. Singano izi, sizasi iyi, msewu uwo. Masana mwanayu azikhala kusukulu ya mkaka, ija ili kuseri kwa msika. Pofika Lolemba loyamba la Malichi akhale atayamba. Zikatheka, apitiriza kukhala ndi inu. Zikakanika, apita kwa bambo ake."

"Bambo, ine sindikulimbana nanu ayi," anatero mkamwini, akuseweretsa makiyi.

"Nanga mukulimbana ndi ndani, akamwini? Makinawa?"

Madamu ndi amene anaziziritsa nkhani. "Agogo, musadandaule. Ine ndikuperekezani kusukuluko, ndikuthandizaninso za mafomu. Tonsefe tikufunira mwana zabwino."

Ndiye Lachiwiri lija tinapita, Kabatani ali mtulo paphewa panga. Aphunzitsi aakulu anali atachokapo, mlonda anangotipatsira fomu pageti n'kubwerera m'kanyumba kake. Ndinaiyandikiza kumaso, ndinaitalikitsa. Inali ya m'Chizungu, timalemba tating'ono ngati nyerere. Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi. Manambala a pa tepi ndimawerenga, dzina la kasitomala ndimalemba, koma Chizungu cha m'maofesi chimandipitirira.

"Bweretsani kuno, agogo," anatero Madamu. Chala chake chinayamba kutsika ndi pepalalo. "Apa akufuna dzina la mwana. Apa tsiku lobadwa. Apa... aaa. Pepani."

"Chiyani?"

"Akuti salandira mwana wovala thewera. Mwana azidziwa kunena, azikhala yekha pachimbudzi. Tsiku loyamba amamuyesa. Akadziipitsira, amamubweza." Anandiyang'ana misozi ili lengelenge. "Koma Kabatani wayamba kale kunena, eti agogo?"

"Wayamba," ndinatero.

Sanali atayamba.

Ine sindikhulupirira munthu. Kasitomala akanditchulira yekha muyeso wa chiuno chake, ndimatenga tepi. Koma pepala limenelo ndinalipinda panayi n'kuliika m'kadilowa ka makina, pansi pa mabatani, osalionetsa wina aliyense. Mwini sitolo amadziwa Chizungu, koma mawu akalowa m'khutu mwake m'mawa, pofika masana ali kumsika. Kufunsa mayi wa fayilo kukanakhala kudziulula ndekha kuti mwana sanakonzeke. Ndinaona kuti ndisunge pakamwa, ndilimbane nazo ndekha. Anali atatsala masiku makumi awiri mphambu asanu ndi awiri.

Zoti sanakonzeke ndinkazidziwa bwino. Mwezi wa Januwale, kusikelo, ndinali nditafunsa anamwino ena achikulire, a magalasi, kuti mwana amasiya liti thewera. Anandiuza kuti zaka sizinena kanthu, mwana amasonyeza yekha.

"Muzingomuona, agogo. Akamagona masana n'kudzuka wouma. Akamatha maola awiri osanyowetsa. Akamanyansidwa ndi thewera lonyowa, kulikoka, kukuuzani. Akamatha kutsitsa yekha kabudula. Zikaoneka zimenezi, yambani. Zisanaoneke musamukakamize, mudzangodzivuta, iyeyo n'kumuopseza."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkayesa mwana monga ndimayesera nsalu. Ndikamusintha thewera ndinkalemba ola ndi choko m'mbali mwa tebulo. Ndikapeza lanyowa ndinkalembanso. Sizinapitirirepo mphindi makumi anayi. Masana ankadzuka atanyowa mpaka kumsana. Thewera lolemera ngati njerwa ankayenda nalo akuseka. Chinthu chinali chimodzi chokha: akafuna kubiba ankapita kuseri kwa thumba la zidutswa, kugwira mwendo wa tebulo, kukwinya nkhope, n'kundiuza kuti, "Gogo, usaone." Ine ndinkatembenuka. Amenewo anali malo ake.

Poyamba ndinaganiza zobera. Ndinasoka panti wa nsalu zinayi, zathaulo ziwiri mkati, kunja ya maluwa, kuti wongoona aziti ndi panti wamba. Ndinathiramo madzi ndi kapu kuti ndione. Anasunga theka la kapu, otsalawo anatsikira m'chigongono mwanga. Kenako ndinakumbukira mawu akuti amamuyesa. Woyesa mwana amamuvula. Pantiyo ndinamutaya m'thumba la zidutswa.

Ndiye ndinagula kapoti, kachimbudzi kapulasitiki ka ana, kobiriwira. Ndinasoka timapanti tisanu ndi kamodzi, lasitiki ndinaimasula dala kuti timanja take tizitha kukoka. Kabatani ndinamuvula thewera.

Kabatani anakakonda kapotiko. Anakavala kumutu. Anathiramo mabatani anga n'kumatakasa ndi rula, akuti akuphikira Gogo. Ndikamukhazikapo ankakhala pang'ono, kuimba, kudzuka, kuyenda mapazi atatu n'kukodza ali chiimire, akuyang'ana madziwo modabwa ngati achokera kwa munthu wina.

"Atelala," anatero Wansapato, akukweza nsapato za makasitomala pabenchi, "mukanandiuza kuti mukutsegula mtsinje, ndikanabwera ndi mbedza."

"Inu sokani nsapato zanu."

"Ndikusoka. Koma mwanayu mukumuthamangitsiranji? Wanga womaliza anasiya thewera ali ndi zaka zitatu. Lero ndi kondakitala, sanakodzerepo m'basi."

"Wanu ndi wanu."

Chifukwa chake sindinamuuze. Ndinasoka chidole cha zidutswa, ndinachikhazika pakapoti, ndinathira tiyi pansi pake mobisa. Kabatani anachiombera m'manja chidolecho, anachipukuta ndi diresi lake, kenako anakodzera pa phazi langa. Ndinayesa kutsanulira madzi m'beseni iye atakhalapo kuti amve phokoso. Ndinayesa kuimba mluzu. Timapanti tonse tinkatha dzuwa lisanafike pamutu, ine chikolopa chili m'manja, ntchito za anthu zikuwunjikana. Mayi wina wodzatenga siketi yake anaima n'kumaonerera.

"Anga onse anasiya ali ndi chaka ndi theka," anatero. "Koma zimenezi zimafuna mayi. Amayi ake akanakhalapo bwenzi zitatha kale."

Siketiyo ndinamupatsa osaisita.

Sabata yachiwiri, Lachinayi, zinachitika. Ndinamukhazika atangomwa tiyi, ndinamupatsa tepi kuti aziseweretsa, ndipo ndinamva kaphokoso m'kapotimo. Ndinaimirira, ndinaomba m'manja, ndinavina pakhonde la sitolo, ine nkhalamba, anthu akuona. Kabatani anaseka mpaka kugwa chagada. Ndinati basi, wafika. Mawa lake sanabwereze. Mkuja wake sanabwereze. Zinali zitangochitika: madzi anafika iye ali pomwepo.

Madamu ankadutsa kawiri pa sabata ndi kapaketi ka mabisiketi. Ankasankha nthawi imene Wansapato wapita kokagula ulusi.

"Zikuyenda, agogo? Atsala masiku khumi ndi awiri, eti?" Anagwira panti wa mwana ndi nsonga za zala. "Aaa, wanyowa pang'ono. Limbikirani. Ana ena amafuna kuwalimbitsira dzanja, apo ayi amakuzolowerani."

Apa ndi pamene ndinayamba zinthu zimene ndimachita nazo manyazi, koma ndizinena. Ndinaona kuti choko sichikufika maola awiri, ndiye ndinachepetsa madzi. Tiyi wam'mawa ndinkamupatsa theka. Akapempha madzi masana ndinkamunyowetsa milomo yokha. Manambala a m'mbali mwa tebulo anayamba kutalikirana: ola limodzi, ola ndi theka, maola awiri. Ndinkawayang'ana n'kumadziuza kuti mwana wakula. Mumtima ndinkadziwa. Ndakokapo nsalu yoperewera kuti ifike pamuyeso. Imafika, inde, ikadali patebulo.

Lachisanu pa 20 ndinamuona akulowera kuseri kwa thumba la zidutswa. Anagwira mwendo wa tebulo.

"Gogo, usaone."

Tsiku limenelo sindinatembenuke. Ndinasiya thalauza la munthu pamakina, ndinamunyamula ali mkati mochita, n'kumukhazika pakapoti, poyera, pamaso pa anthu odikira basi. Anakuwa kukuwa kumene ndinali ndisanamvepo. Thupi lonse linauma ngati thabwa. Chimene chinayamba kutuluka chinabwerera.

Kuyambira tsiku limenelo sanabibenso.

Loweruka sindinadandaule. Lamlungu ndinayamba kuwerenga zala. Lolemba ankayenda monyang'ama, thukuta lili pamphumi. Chimbudzi chikamubwera ankaima nji, miyendo kuipingasa, kugwira chilichonse chili pafupi mpaka chidutse. Kuseri kwa thumba sankapitakonso. Phala ankalikankha. Akangoona kapoti m'manja mwanga ankathawira kwa Wansapato, kukabisala kumbuyo kwa mulu wa nsapato. Madzulo a Lolembalo ndinatenga thewera limodzi, ndinaliyala pabedi, ndinaima nalo nthawi yaitali. Ndikanamuveka, mwina akanamasuka. Koma kumuveka kunali kubwerera pa tsiku loyamba, ndipo kunali kumupereka ndekha m'manja mwa anthu aja. Ndinalipinda n'kulibwezera.

Lachiwiri sindinapite kukhonde. Anali atatsala masiku asanu ndi limodzi. Ndinatseka chitseko cha chipinda chathu, ndinaika kapoti pakati, ndinamukhazika, ndinagwada kutsogolo kwake n'kumugwira mapewa.

"Mama, chonde. Kamodzi kokha. Ukachita tipita kusukulu, kuli anzako, kuli katungwe."

"Iyayi, Gogo."

"Taona, Gogo akuthandiza. Mmm. Tiye, mmm."

"Pweteka."

"Ndikudziwa, mama. Chita, kusiya kupweteka. Ukapanda kuchita akutenga, wamva? Akutenga, Gogo atsala yekha."

Sanamve. Akanamva bwanji, munthu wa zaka ziwiri? Anayesa kudzuka, ndinamubweza. Anayesanso, ndinamubwezanso. Ndinaimba, ndinalonjeza, ndinakalipa, ndinalira. Wailesi ya aneba inayamba nkhani, inamaliza, inaika nyimbo, inafikanso pa nkhani, ine ndili chigwirire. Anasiya kukuwa n'kumangosisima, mutu atatsamiza pachifuwa panga. Nditamudzutsa, kapoti kanamamatira kumatako n'kugwa kokha pansi. Munalibe kanthu.

Lachitatu m'mawa thupi linatentha. Ndinapita naye kukhonde chifukwa panali yunifolomu yoti mwini wake adzatenge. Anasanzira m'katoni yake. Wansapato anaika pansi nyundo, anabwera, anadina mimba ya mwana ndi chala chake chakuda ndi polishi.

"Akulu, mimba iyi ndi mwala. Wabiba liti?"

"Lachinayi."

"Lachinayi lapitali? Inu muli bwinobwino? Nyamulani mwana. Makina ndikuonerani."

"Akhala bwino. Ndimupatsa madzi ofunda."

"Atelala, ndakhala nanu zaka makumi awiri osakutukwanani. Musandiyambitse lero. Nyamulani."

Kuchipatala tinapeza anamwino omwe aja a magalasi. "Agogo a Kabatani! Lero mwabwera ndi chiyani?" Kumwetulirako kunatha atagwira mimba. Anamuvula. Kumatako kunali mzere wozungulira, wofiira, penapake wosupuka, muyeso wake wa pakamwa pa kapoti. Pamapewa onse awiri panali mikwingwirima ya zala zanga.

Anavula magalasi. "Agogo, ndinakuuzani chiyani ine mwezi wathawu?"

"Munati ndidikire."

"Nanga izi?"

"Kusukulu salandira wa thewera. Akapanda kulowa Lolemba, andilanda."

"Sukulu yake iti imeneyo, yokana mwana wa zaka ziwiri chifukwa cha thewera?" Sanadikire yankho. "Madzi akumwa bwanji?"

Ndinanena zoona. Analemba. Chilichonse chimene ndinanena analemba, ndipo sindiwada nazo, ndi ntchito yawo. Anamuika mankhwala kumbuyo. Tinadikira. Chimene chinatuluka chinali cholimba ngati miyala, chamagazi pang'ono, ndipo mwanayo anakuwa mpaka amayi a pamzere kunja anayamba kung'ung'udza. Ndinatambasula manja kuti ndimunyamule. Anatembenukira kukhoma.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, analowa mkamwini ndi Madamu. Wansapato anali atawaimbira foni. Iye akuti anaopa kuti mwana afa bambo ake osadziwa. Mpaka lero sindimulankhula.

"Mayo ine, mwana wachita chiyani?" anatero Madamu, akumukumbatira. Anaona mzere uja. Anatulutsa foni n'kujambula, kawiri. "Agogo, mpaka chonchi? Bwanji osatiuza kuti zakukanikani?"

"Si inu munati ndilimbitse dzanja?"

"Ine? Kwa mwana wa zaka ziwiri?" Anayang'ana anamwino, anayang'ana mwamuna wake.

Mkamwini sanandiyang'ane. "Bambo," anatero, "ine ndinkakudalirani."

Mwana anagona kuchipatala ndi Madamu. Mawa lake mayi wa fayilo anafika kunyumba kwanga ndi kalata ya kuchipatala ndi zithunzi, awiri aja ali pambuyo. Anati mwana apite kwa bambo ake mongoyembekezera. Ndinalongedza zovala zake. Matewera anga osoka Madamu anawatulutsa n'kuwasiya pampando, akuti agula a m'sitolo.

Masiku anayi sindinasoke kanthu kooneka. Ndinkapalasa makina, msoko n'kumakhota. Funso la anamwino lija ndilo linkandizungulira m'mutu: sukulu yake iti? Lolemba, tsiku lomwe Kabatani anayenera kuyamba, ndinatulutsa fomu pansi pa mabatani n'kupita nayo kuseri kwa msika.

Mlonda anandilowetsa. Aphunzitsi aakulu anali mayi wamfupi, wovala epuloni ya matumba ambiri. Ndinawapempha kuti andiwerengere mzere ndi mzere m'chinenero chathu. Ndinaika chala changa pamene chala cha Madamu chinaima.

"Apa? Apa tikuti mwana amene akadali pa thewera azibwera ndi matewera asanu patsiku, ndi zovala zosinthira, zonse zolembedwa dzina."

"Werenganinso."

Anawerenganso chimodzimodzi.

"Palibe pamene mwalemba kuti wa thewera mumabweza? Kuti mumamuyesa tsiku loyamba?"

Anaseka. "Tikanatero, bambo, sukulu ino ikanatsala ndi mipando yokha. Tabwerani muone."

Anatsegula chitseko cha chipinda china. Kukhoma kunali shelefu yaitali ya tizikwama, kalikonse ndi mulu wake wa matewera. Pansi panali timapoti tisanu pamzere, mwana mmodzi atakhalapo akuona buku la zithunzi chozondotsa.

"Timawaphunzitsa konkuno, aliyense nthawi yake ikakwana. Ena pa zaka ziwiri ndi theka, ena zitatu. Sitithamanga. Wanu ali ndi zaka zingati?"

Koma ine ndinali nditamuona Kabatani. Anali pakona, pamkeka, atavala diresi la mizeremizere limene ndinasoka ndekha, thewera la m'sitolo likuonekera pansi pake. Madamu anali atamulembetsa m'mawa womwewo.

"Kabatani," ndinaitana. "Mama."

Anadzutsa mutu. Anandiyang'ana, anayang'ana timapoti tija, anandiyang'ananso. Anaimirira, manja onse awiri anagwira kumbuyo, n'kuyenda chafutambuyo mpaka kugunda khoma.

"Iyayi, Gogo."

Aphunzitsi aja anasiya kuseka. "Ndinu agogo ake a mwana ameneyu?" Anaima pakati pa ine ndi iye. "Pepani, bambo. Atiuza kuti musamuyandikire. Tiyeni panja."

Panjapo ndinawapempha kuti andilembere kakalata, kungonena zimene anandiwerengera. Anati iwo za m'mabanja salowerera, fomu ikunena yokha.

Ndinapita ku ofesi tsiku lomwelo. Ndinadikira pabenchi mpaka atabwerako kokadya. Mayi wa fayilo anamvetsera, anatenga fomu, anaiwerenga, anati aitana mbali zonse. Anaitanadi, patatha sabata zitatu.

"Mayi, munawawerengera fomu iyi agogowa?" mayi wa fayilo anafunsa Madamu.

"Ndinawawerengera," anatero Madamu, manja ali pamiyendo. "Ndinati matewera asanu patsiku. Mwina sanamve bwino. Tinali pamsewu, magalimoto akudutsa. Komanso msinkhuwu, mukudziwa."

"Munati amabweza! Munati amamuyesa tsiku loyamba!"

"Agogo, musakuwe," anatero mayi wa fayilo. "Alipo wina amene anamva?"

Panalibe. Mlonda anali m'kanyumba kake, mwana anali mtulo.

"Nanga bwanji simunafunse munthu wina? Bwanji simunabwere kwa ine? Masiku onse aja?"

Ndinatembenukira kwa mkamwini. "Akamwini, inu mukudziwa. Mwanayu ndamulera chaka ndi theka, sanatulukepo ngakhale chilonda cha thewera. Ndikanayambiranji dala? Nenani."

Anakanda kumutu. "Bambo, ine pageti panalibe. Ndinali paulendo."

Mayi wa fayilo anandibwezera fomu. "Agogo, ndikudziwa kuti mumamukonda. Koma nkhani ili pano si ya pepala ili. Pano pali kalata ya kuchipatala, pali zithunzi, pali mawu anu omwe akuti munamumana madzi. Amene anamugwira mapewa ndi ndani?"

"Ndine."

Anadinda chidindo. Potuluka Madamu ananditsegulira chitseko. "Muyende bwino, agogo. Samalani masitepewo."

Ndapitanso ku ofesiko kanayi. Ulendo wachitatu ndinapeza mayi uja atasamutsidwa, pampando pake pali bambo wina wa tayi. Anawerenga tsamba loyamba lokha n'kunena kuti nkhaniyi inatha kale. Ulendo wachinayi anandiuza pakhomo kuti ali kumsonkhano.

Kabatani amakhala kwa bambo ake. Ndimaloledwa kumuona Loweruka loyamba la mwezi, ola limodzi, pabalaza pawo, Madamu ali pomwepo. M'fayilo munalembedwa kuti ndinazunza mwana. Za zimene anandiwerengera pageti simunalembedwe kanthu.